Diramu yadzaza, mowa watsala: tiuthire muti?

Mowa sumvera muyeso. Ufa mwayeza, chimera mwayeza, madzi mwatunga zigubu zowerengeka, koma likafika tsiku losefa mungoona diramu yafika m'khosi, chigubu cha malita 20 chija munabwereka nachonso chadzaza, ndipo m'ndowa mwatsalabe malita 4 kapena 6. Kutaya n'kosatheka. M'menemo muli chimanga cha m'nkhokwe, muli mawere ogula ndi ndalama ku Kapata, muli nkhuni ndi utsi wa mlungu wathunthu. Kumwa nokha, mugona pakhonde. Nanga muuthire muti?

Musanayambe kusakasaka chotengera, kumbukirani kuti mowa wa masese suleka ntchito tsiku lomwe ife tagamula kuti wapsa. Chimera chimakhala chikusungunulabe ufa kuusandutsa shuga, yisiti n'kumadya shugayo, kutulutsa ukali ndi mpweya. Mpweyawo si wamasewera. Ukali ukangokwera ndi 1 peresenti, lita iliyonse ya mowa imakhala itatulutsa mpweya pafupifupi malita 4. Ndiye kuti kagubu ka malita 5 kali ndi mpweya wa malita 20 wofuna njira. Kabowo kamene kali pamwamba pa paketi ya Chibuku Shake Shake anakaboola dala, chifukwa nawonso mowa wawo umachoka ku fakitale ukuwirabe.

Ukanakhala mpweya wokha, bwenzi tikungosiya chotengera chili pululu. Koma m'mowa mulinso tizilombo tosasitsa, ndipo tili mitundu iwiri. Tina ndi tomwe timaupatsa kuwawasa kokoma kuja, tapachibale ndi tomwe timagwira mkaka kuti ukhale chambiko; popanda ito mowa sukoma. Tina timadikira mphepo ya kunja. Tikaipeza timagwira ukali womwe uja n'kuusandutsa viniga, ndipo tintchentche tofiira maso tomwe timaunjikana pa mango owola timanyamula tizilomboti ku miyendo. Mukatseka kolimba, chotengera chiphulika. Mukasiya poyera, mowa usasa. Njira zonse zomwe ndikambe pano n'zongonyengerera adani awiriwa, ndipo iliyonse ili ndi pomwe imakulipiritsani.

Nthawi yomwe muli nayo imagamulidwa ndi nyengo. Mu Juni ndi Julayi, usiku wa ku Chipata ukamafuna mabulangete awiri, mowa wotsala ungadikire masiku awiri kapena atatu osakudandaulitsani. Mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 30, wa m'mawa ndi wa madzulo umamveka kale mosiyana mkamwa. Abale a kuchigwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe, komwe kumayandikira madigiri 40, iwo aziwerenga maola, osati masiku. Ngakhale mowa wa pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti ndi wa pa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale susungika mofanana, pakuti woyambawo umapeza kunja kuli kouma ndi mphepo, pomwe winawo umagwa pakati pa dzinja, kofunda ndi kwachinyezi.

Kupanikiza m'diramu momwemo

Maganizo oyamba a aliyense ndi akuti, "Tingothira, ukwana." Ukwanadi, kwa ola limodzi. Mowa wowira umafuna malo a thovu, ndipo diramu yodzaza mpaka pamlomo imayamba kulavula usiku. Kukacha mupeza pansi pali matope oyera, nkhuku zikuchita phwando, ndipo wotayikawo ukuposa uja mumafuna kupulumutsa. M'chigubu siyani mpata wa chikhatho chimodzi, m'diramu zikhatho ziwiri.

Komabe yankho lotchipa kuposa onse lili pa diramu pomwepo, kungoti ndi lapafupi kwambiri moti maso amalidumpha. Ngati mwambo uli mawa, wotsalawo ukungofuna pogona pa usiku umodzi. Kukacha yambani ndi womwewo, diramu ikhale chitsekere. Mowa wochepa wa m'ndowa ndi umene umasasa msanga, popeza pamwamba pake pokumana ndi mphepo ndi potakata, pomwe mowawo ndi wosazama. Otunga madzi, owaza nkhuni, omanga chisakasa, amalume ofika mbandakucha kudzaona ngati zonse zili bwino, onsewa amwe wa m'ndowa. Ena amadikira kuti diramu itsike ndipo amabwezeramo wotsalawo. Zimatheka, koma lawani kaye. Ngati wayamba kuluma kukhosi, musauphatikize, chifukwa utengera tizilombo take kwa wabwino uja n'kuufulumizitsa kusasa alendo ochokera kutali asanafike.

Kagubu ka malita 5

Mowa ukafunika kudikira kupitirira usiku umodzi, ine voti yanga ili pa kagubu kakang'ono. Kamwa lake ndi lopapatiza, mowa umafika pafupi ndi khosi, malo a mphepo amachepa. Kuthira malita 4 m'chigubu cha malita 20 n'kugoneka mowa pamodzi ndi malita 16 a mphepo, ndipo mukatsegula kuti mutungeko mumalowetsanso ina yatsopano. Chotengera chizikhala cha msinkhu wa mowawo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali ngozi yoposa kusasa. M'nyumba zambiri za alimi ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi, kagubu ka malita 5 kopezeka msanga ndi kaja kanabwera ndi mankhwala ophera udzu kapena opopera thonje ndi fodya. N'kolimba, chitsekero chake n'chabwino, ndipo munthu amati ndatsuka ndi sopo ndi phulusa, fungo latha. Pulasitiki imamwa mankhwala. Kutsuka sikuwachotsa onse, ndipo mowa, poti uli ndi ukali ndi asidi, umawakoka pang'onopang'ono usiku wonse. Alangizi a zaulimi amati zigubu zimenezi muzitsuke katatu kenako muziboole kuti zisagwirenso ntchito ina iliyonse. Ka palafini, ka dizilo ndi ka oilo wa galimoto n'chimodzimodzi. Kabwino ndi komwe munali mafuta ophikira, madzi akumwa kapena juwisi. Ka mafutako katsukeni ndi madzi otentha ndi sopo mpaka kutelera kuthe, chifukwa mafuta otsalira amapha thovu ndipo akagona amanunkha. Ndowa ya malata nayonso si yogonekamo mowa. Asidi amadya zinki yomwe anakutira malatawo, womwa n'kuyamba nseru ndi kusanza, anthu n'kumanena kuti wofulula ali ndi dzanja loipa.

Kagubu kapezeka. Tsopano kapume bwanji? Njira yaulesi ndiyo kutseka chitsekero mpaka chigwire, kenako kuchibweza pang'ono. Mukatchera khutu mumva kakuti tsiii, ndiye kuti zili bwino. Vuto lake, masese amakwera ndi thovu, n'kuuma m'mizere ya chitsekero, n'kumata. Amene anakaonapo kagubu kotere m'mawa akudziwa: katupa ngati finye, pansi patuluka chimimba moti sikakhazikika, kakungogwedera, m'mbali mwauma gwa. Musakatsegulire m'nyumba, ndipo nkhope isaweramirepo. Katulutseni panja, kaphimbeni ndi nsalu, khwefulani pang'ono, dikirani kulira kuleke, khwefulaninso. Mukapupuluma, theka la mowa lithera pa malaya.

Yoposa apa imafuna kapaipi ka pulasitiki kotalika mkono umodzi. Boolani chitsekero ndi msomali wotentha, lowetsani kapaipiko kuti kangosuzumira mkati osakhudza mowa, ndipo m'mbali mwa bowo matani ndi phula la njuchi kapena la kandulo. Nsonga inayo muimize m'kabotolo ka madzi oyera. Mpweya wa mowa utuluka n'kumabwibwita m'madzimo, koma mphepo ndi ntchentche zilibe polowera. Kabotoloko kamakuuzaninso nkhani. Kakamati bwi bwi bwi mosalekeza, mowa ukali ndi mphamvu. Kakayamba kudumphitsa, kubwibwita kamodzi n'kukhala chete kanthawi, ukali wafika pomwe umathera ndipo chatsala n'kusasa. Umweni tsiku lomwelo. Opanda paipi amamanga baluni pakamwa pa kagubu ataliboola kamodzi ndi singano. Limagwira ntchito, kungoti ana akaliona litaima, chinsinsi chatha.

Mabotolo

Mabotolo a pulasitiki a malita 2 omwe mumabwera zakumwa za gasi anapangidwira mpweya. Tembenuzani limodzi muone timiyendo tisanu pansi pake, ndi tothandiza kuti lisatuluke chimimba. Ndi okhawa omwe mungatseke kolimba kwa maola angapo, monga ponyamula mowa pa njinga kupita nawo kwa apongozi ku Mtenguleni. Malita 4 agaweni m'mabotolo atatu, osati awiri. Musanatseke, finyani botolo mpaka mowa ukwere kukhosi, ndipo mutseke lili lopindika choncho. Mwachotsa mphepo, mwasiyanso malo a mpweya. Likawongoka n'kulimba moti chala sichikulowa, lipumitseni. M'nyengo yotentha mudzachita zimenezi kangapo pa tsiku ndi usiku womwe, ndipo apa ndi pomwe kagubu ka paipi kamawina, chifukwa kamadzisamala kokha inu muli m'tulo.

Palinso kusamvana kwina. Masese amakhala pansi, amafuna kukhutchumula musanathire, pomwe mpweya sufuna kugwedezedwa. Chitani motere: pumitsani, tsekani, zondotsani botolo mofatsa kawiri, pumitsaninso, kenako thirani. Mabotolo opyapyala a madzi akumwa, aja amalira mukawagwira, sanapangidwire mpweya. Asiyeni.

A galasi ayi, zivute zitani. Pulasitiki imachenjeza, imatupa, imalimba, ndipo ikalephera imang'ambika. Galasi limangokhala phee mpaka nthawi yomwe lidzaphulike, ndipo zidutswa zake sizisankha diso la wamkulu kapena la mwana. Botolo la Mosi n'lolimbadi, koma analipangira mowa wosefedwa mbee, womwe unaleka kuwira, wa mpweya woyeza. Masese athu mpweya wake palibe amene amauyeza.

Mtsuko

Pa kakomedwe, palibe choposa dothi. Mtsuko sungaphulike popeza sutsekeka kolimba, ndipo umaziziritsa wokha. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'timibowo ta dothi, akamauma kunja amachoka ndi kutentha. Ukhazikeni pa mchenga wonyowa pangodya ya mthunzi, podutsa kamphepo, muukulunge ndi chiguduli chonyowa. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kunja kuli kouma, mowa wa mu mtsuko wotere umazizira mosangalatsa. M'dzinja chiguduli sichiuma, ndiye phindu limachepa. Chiguduli chonyowa chomwecho chimathandizanso kagubu ka pulasitiki, ndipo ndimadabwa kuti ambiri sachita.

Koma mtsuko uli ndi mbali ziwiri zofooka. Kamwa lake ndi lalikulu, mphepo imalowa momasuka, ndipo mbale yovundikira siletsa tintchentche tija. Mangani nsalu yoyera pakamwa ndi luzi, mbale ibwere pamwamba pa nsalu. Chachiwiri, dothi limasunga. Amayi ofulula amadziwa kuti mbiya yakale imapsetsa mowa msanga kuposa yatsopano, chifukwa yisiti ndi tizilombo ta mowa wapita zimabisala m'timibowo tija. Poyambitsa mowa zimenezo ndi mwayi. Posunga mowa wopsa kale ndi tsoka, chifukwa mukufuna kuuchedwetsa, osati kuuthamangitsa. Ndiye wabwino ndi mtsuko wa madzi, osati mbiya ya mowa. Kungoti mukatero mtsukowo ununkha mowa kwa masiku ambiri, ndipo mwini wake mukambirane naye kaye. Kwa ine mtsuko ndi wa usiku umodzi, kapena uwiri m'miyezi yozizira. Kupitirira apo mukupanga viniga.

A m'tauni ali ndi furiji, ndipo kunena zoona palibe njira ina yochedwetsa mowa osasintha kakomedwe kake yoposa iyi. Pa madigiri 4 yisiti imagona, tizilombo tosasitsa timafooka, mowa ungathe masiku angapo ukadali womweka. Koma kugona si kufa. Magetsi akazima furiji imafunda, yisiti imadzuka n'kupitiriza pomwe inalekezera, ndipo botolo lomwe munatseka kolimba podalira kuzizira limayamba kutupa m'kati mwa furiji momwemo. Tonse tikukumbukira 2024, mvula itakana, madzi a ku Kariba atatsika, malaiti ankayenda maola ochuluka kuposa omwe ankakhalapo. Chitsekero chikhale chokhwefula ngakhale m'furiji, ndipo botolo liime, lisagone. Kuumitsa mu firiza kumasunga nthawi yaitali, koma madzi akauma amakula ndi 9 peresenti, choncho siyani mpata. Ukasungunuka, masese ndi madzi zimakhala zitalekana, thovu lachepa, ndipo odziwa mowa amazindikira pa chipanda choyamba.

Nanga kuufunditsa pamoto? Yisiti imafa kutentha kukafika cha m'ma 60, ndipo mowa ukakhala pa madigiri 65 kwa theka la ola tizilombo tambiri tosasitsa timafanso. Ndi mmene Chibuku Super imakhalira milungu m'botolo lotseka: amaifunditsa ku fakitale. Koma iwo ali ndi makina oyeza kutentha, ndipo mpweya amauthiramo okha. Inu muli ndi poto ndi mbaula. Ukali umawira pa madigiri 78, ndipo umayamba kuthawa ndi nthunzi usanafike pamenepo. Masese amapserera pansi mukangosiya kutakasa. Chotuluka ndi mowa wopanda thovu, wolemera, wonunkhira phala. Amene akufuna kuyesa aufunditse m'poto wovundikira, pamoto wochepa, osalola kuti ubwadamuke, ndipo authire ukadali wotentha m'kagubu kotsukidwa ndi madzi owira. Kufunditsa botolo lotseka lomwe muli kale mpweya, kumeneko n'kudziputira ngozi. Ine njira iyi ndimaiika kumapeto. Nkhuni zake ndi ntchito yake sizigwirizana ndi malita 5.

Zongodzinamiza

Pali zina zomwe anthu amachita mowa ukayamba kutembenuka. Kuthira shuga kumabisa kuwawasa kwa ola limodzi kapena awiri, kenako yisiti imamudya shugayo, mpweya n'kuchuluka. Kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 4, kamatulutsa mpweya woposa lita imodzi. Ganizirani kapu yathunthu m'kagubu kotseka. Kuthira soda kapena madzi a phulusa kumaphadi kuwawasa, koma asidi amene mukumuphayo ndi yemwe amaletsa tizilombo totsegula m'mimba kuswana m'mowa. Mwachotsa mlonda, ndipo mowawo umamveka mchere. Mowa womwe wamera chuku, womwe wayamba kunanda, kapena wonunkha chowola, usadutse pakhosi pa munthu.

Ena amati wotsala ndi wosasa onse apite ku kachasu. Lamulo la Zambia limaletsa, ndipo masamu akenso sakugwira. M'malita 5 a mowa wa 4 peresenti muli ukali wa mamililita 200 okha. Mtolo wa nkhuni, tsiku lathunthu, mapaipi osadziwika komwe anachokera, ndi mantha a apolisi, zonsezo kufuna kabotolo kamodzi. Kugulitsa mowa wotsalawo nako kumafuna chilolezo cha khonsolo, si nkhani yongoyika benchi pakhomo.

Mowa womwe wangowawasa kupitirira, koma uli woyera ndi wonunkhira bwino, uli ndi ntchito kukhitchini. Kapu imodzi ya wowirabe imatupitsa ufa wa vitumbuwa m'malo mwa yisiti ya m'sitolo, ngakhale imachedwerapo. Nyama ya mbuzi yokalamba kapena tambala wa kumudzi ikagona maola angapo m'mowa wowawasa imafewa. Lita imodzi ya wowira bwino ingayambitse mowa wina ngati mukufulula mawa kapena mkuja. Ikapitirira apo ingokupatsirani kusasa. Masese a pansi ndi a nkhumba, ndipo kuno kum'mawa nkhumba sizisowa. Asakanizeni ndi gaga wambiri. Nkhumba imaledzera, ndipo tiana take sitipirira.

A kegi

M'matauni mwayamba kupezeka anthu ofulula mowa woyera wa balere ndi hops (timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo), wosungira mu kegi yachitsulo. Vuto lawo ndi lomweli, ndipo gwero lake n'loseketsa. Zitini zambiri za chimera chokonzeratu zimatulutsa malita 23, omwe ndi magaloni 5 a ku Britain. Kegi yofala kwambiri kwa ofulula pakhomo, yomwe kale inkanyamula zakumwa za gasi, imalowa malita 19, omwe ndi magaloni 5 a ku America. Onse akuti magaloni 5, koma malita 4 alibe kolowera.

Malangizo a mowa uwu amasiyana ndi a masese pa mfundo imodzi yaikulu: uwu umamaliza kuwira. Kachipangizo koyandama koyezera shuga, hydrometer, kakaonetsa nambala imodzimodzi masiku awiri kapena atatu otsatizana, yisiti yatha chakudya. Pamenepo galasi ndi lololedwa, bola likhale botolo lolimba la mowa, lotsukidwa bwino, ndipo mukhale ndi chopanira zitsekero. Malita 4 akwana mabotolo asanu a mamililita 750 kapena asanu ndi atatu a 500. Shuga muyeze, osathira ndi maso: magalamu 5 kapena 6 pa lita, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosalaza pa botolo la 750. Akhale pofunda ndi pamdima milungu iwiri. Mabotolo a bulauni ndi abwino kuposa obiriwira kapena oyera, chifukwa kuwala kumawononga hops, mowa n'kumanunkha. Wopanda chopanira agwiritse a pulasitiki a gasi aja, omwe ali ndi ubwino woti mukawafinya mumadziwa ngati mpweya wakwana. Choipitsitsa n'kusiya malita 4 amenewo m'ndowa yofululira kudikira kuti kegi itsike. Mowa womwe waleka kuwira sutulutsanso mpweya woudzitchinjirizira, ndiye mphepo imaugwira msanga. Thirani mabotolo tsiku lomwelo lothira kegi, ndipo ine ndingati yambani ndi mabotolo, kegi ilandire zotsala, chifukwa malita omaliza ndi omwe amakoka matope a yisiti a pansi.

Kugawa, ndi kupatula usanapse

Tikabwerera kwathu kwa masese, njira yomwe siifuna paipi, furiji kapena baluni ndi ya pakamwa pa anzanu. Kungoti kuitana munthu kudzamwa zotsala kumafuna luso. Simunena kuti watsala.

"Alamu, tabwerani mundilawireko kamtsuko aka, ndikuona ngati kalakwika."

"Kalakwika? Ayi, tiyeni tikaone, mlamu."

Chipanda chachitatu chikatha mudzamva akuti, "Sindinamvetsetse bwinobwino pomwe palakwika. Taonjezani pang'ono."

Malita 5 ndi ochepa pa dima la m'munda, koma ndi okwanira amuna atatu okonza khola la mbuzi kapena kufolera nkhokwe, bola mowa ubwere ntchito itatha. Kagubu kopita kwa amfumu kapena kwa ambuya omwe miyendo inakana kufika pa mwambo sikawerengedwa ngati zotsala, ndi ulemu, ndipo kazipita tsiku lomwelo mowa ukali pa ubwino wake, osati mutaona kuti wayamba kuluma. Anyamata osakwana zaka 18 asalowe m'gulu la olawa, ngakhale atawaza nkhuni zochuluka bwanji. Gawo lawo ndi lina.

Gawo limenelo ndi lomwe ndimaliona lanzeru kuposa zonse ndatchulazi, kungoti limafuna kuganiza msanga. Wofulula wozolowera amaona phala likali pamoto kuti ili lipitirira diramu. Nthawi imeneyo, mutathira chimera phala latsekemera koma lisanayambe kuwira ukali, patulani malita owonjezerawo. Aphikeninso abwadamuke, azizire, asungeni paokha. Ameneyo ndi thobwa. Mwapeza chakumwa cha ana, cha amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, cha a mpingo omwe salawa mowa, ndi cha oyendetsa galimoto yobwerera ku Chipata usiku. Pa chinamwali, pa ukwati kapena pa chikumbutso anthu otere amakhala ambiri kuposa omwe ofulula amawerengera, ndipo kawirikawiri amathera pa madzi a m'chigubu chofunda. Diramu nayo yapeza mpata wake wa thovu.

Thobwa nalonso silikhala chikhalire. M'nyengo yotentha likagona masiku awiri limayamba kuluma, ndipo likapitirira limasanduka mowa womwe mumauthawa uja, choncho lilaweni m'mawa uliwonse musanapatse ana. Chotengera chake chikhale chomwe simunalowepo mowa, ndipo likhale ndi chikho chakechake. Chikho chomwe chaviikidwa m'diramu chikangolowa m'thobwa kamodzi chabweretsa yisiti, ndipo pofika madzulo a mawa lake muona timathovu tikukwera m'mbali mwa ndowa.